Nsapato Zong'ambidwa ndi Mpeni wa Azakhali

Mapazi a Manase anali nkhani payokha. Kwawo ku Vava'u, pa zilumba za dziko la Tonga, kumene anakulira akuponda miyala ya m'nyanja wopanda nsapato, palibe amene ankawayang'ana kawiri, chifukwa amuna onse a m'banja mwawo anali ndi mapazi otero: aafupi, okhuthala, otambalala ngati khasu, chala chilichonse chitatenga malo akeake. Koma kuno ku Adelaide, pakati pa anthu opalasa njinga zampikisano, mapaziwo anasanduka chodabwitsa. Mwini wakeyo, tisabise, ankawanyadira mopitirira muyeso.

Ngakhale Livia anayamba kuona mapaziwo asanaone nkhope. Tsiku lina lotentha la mu Januwale tayala la njinga yake linaphulika ku Semaphore, ndipo ali chiweramire kulimbana nalo, anangoona mapazi awiri opanda nsapato ataima phee pa phula loti n'kukazingapo dzira. Mwini mapaziwo anabwezeretsa tayalalo ndi zala zokha, osagwira chitsulo chilichonse. Anapatsana manambala, ndipo pofika Januwale winayu anali atakhala chaka chathunthu ali m'chikondi.

Tsopano Manase ankafuna ukwati. Mwa chikhalidwe cha kwawo, mwamuna amayamba wapita kwa bambo a mkazi, choncho kwa Livia sanatchule kanthu. Mumtima mwake ankafuna kudzamufikira chilolezo cha bambo ake chili kale m'manja, ngati mphatso.

Vuto linali bambowo. A Ennio Pagliaro, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri yowuma ngati nkhuni, sankakamba nkhani ikuluikulu pakhomo kapena pafoni. Nkhani zotere ankakambira pamwamba pa phiri la Norton Summit, Loweruka m'mawa, atakwera ndi gulu lawo la njinga. Mkamwini wawo woyamba, mwamuna wa mwana wawo wina, anakapempha ukwati komweko. Wofika pagalimoto ankangolandira moni ndi khofi. Iwo ankati munthu amene sanatuluke thukuta sadziwa chimene akufuna.

Manase anali atapalasa miyezi isanu pa njinga yobwereka kwa Livia, atavala nsapato wamba zothamangira. Koma gululo linali ndi lamulo lake: aliyense avale nsapato za njinga zenizeni, zija zokhala ndi kachitsulo kunsi kokola pa pedulo, chifukwa phazi likaterereka pachikweza umagwetsa onse akumbuyo kwako. Nsapato zoterozo amazipanga zowonda, ngati kuti dziko lonse lili ndi mapazi a A Ennio.

* * *

Lachiwiri madzulo Livia anamuimika pakhonde la nyumba yake ku Norwood, anayala mapepala awiri pansi, n'kugwada ndi pensulo m'manja. Anamufotokozera kuti phazi amaliyeza madzulo litatupa ndi mayendedwe a tsiku lonse, ndipo woyeza m'mawa amagula nsapato za munthu wina.

“Ponda apa. Usapinde zala, iwe, palibe akukuona.”

“Sindikupinda. Ndi mmene zilili.”

“Mayo ine, pepala latha phazi lisanathe,” anatero Livia, akulumikiza pepala lachiwiri.

“Amenewo ndi mapazi a mafumu.”

“Mafumu a abakha.”

Pensulo inkamuyabwa pakati pa zala, koma Manase anaima nji, akuyang'ana pamutu pa mtsikanayo ndi tsitsi lake lomangidwa mwachisawawa. Panalibe munthu amene anagwirapo mapazi ake mosamala chomwecho chichokereni kwa amayi ake.

Livia anati ku Queensland kuli mmisiri wosoka nsapato za njinga potsatira chojambula cha phazi, ndipo zimafika pakatha masabata asanu ndi limodzi. Akupinda mapepalawo, anawonjezera ngati nkhani yapadera kuti bambo ake alowa m'chipatala Lolemba kukawaika chitsulo m'chiuno. Madokotala anati theka la chaka osakwera njinga, mwinanso osadzakweranso. Loweruka likubwerali linali lomaliza, ndipo anzawo onse akale anali atalonjeza kubwera.

Manase anawerenga masiku otsala chamumtima. Anafunsa, akuyesa kuti mawu amveke wamba, ngati mmisiriyo sangafulumizeko.

“Ukuthamangira kuti?” anatero Livia akuseka. “Phiri silisamuka.”

Phiri silisamuka, inde, koma nkhalamba inali kusamuka. Izi Manase anangozinena chamumtima.

* * *

Lachitatu anazungulira masitolo anayi a njinga, ndipo konseko anangomupukusira mutu. Yachisanu inali imene sankafuna kulowamo, chifukwa munkagwira ntchito Renzo.

Renzo anali mnyamata amene A Ennio anamuphunzitsa njinga kuyambira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anali wamtali, wowonda, wa miyendo yometa bwino, ndipo gulu lonse linkadziwa kuti akadzakhwima maganizo adzakwatira Livia. Iyenso ankadziwa choncho, mpaka tsiku limene Livia anabwera ku khofi ya Loweruka atagwira dzanja la chimunthu cha ku Tonga. Chiyambire pamenepo Renzo ankamwetulira kwambiri akamuona Manase, kumwetulira kwa mano okha.

“Bigimani wafika,” anatero, akuyang'ana pansi. “Tikuthandize chiyani, aise? Mabwato sitigulitsa muno.”

Manase anangoti akufuna nsapato za njinga, zoti avale Loweruka. Atamva za Loweruka, Renzo anakweza nsidze, n'kupita kukatenga makatoni. Anabweretsa asanu ndi anayi. M'nsapato zambiri zala zokha ndizo zinkalowa, phazi n'kukanirira pakhomo. Anyamata ena awiri a m'sitoloyo anasiya ntchito zawo n'kubwera kudzaonerera. Pomaliza Renzo anatulutsa zoyera mbee, zazitali kuposa phazi la Manase ndi masaizi atatu. Zimenezo zinalowa, atakankha mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Kutsogolo kunatsala malo oti n'kusungamo dzira, koma m'mbali zinamugwira ngati msampha.

Renzo anati asadandaule, zimatanuka zikazolowera phazi. Limenelo ndi bodza lodziwika kwa aliyense wopalasa njinga. Pansi pa nsapato zimenezi ndi polimba ngati thabwa, ndipo pamwamba pake si chikopa cha ng'ombe choti n'kufewa ndi thukuta. Manase anaona pankhope ya Renzo kuti pali chinachake, koma kutuluka m'sitolo imeneyo chimanjamanja, anyamata atatu akumuyang'ana kumsana, sakanatha. Anagula.

Ali pakhomo, Renzo anamuitana.

“Loweruka ndidzakhala kumbuyo kwako, aise, kuti ukamagwa ndidzaone bwino.”

“Kumbuyo kwanga udzakhaladi,” anayankha Manase. “Pokhapo wanena zoona.”

Anatuluka chifuwa chili patsogolo, katoni ili m'khwapa, akudziona ngati wapambana.

* * *

Lachinayi m'mawa anakaziyesa. Mphindi khumi zoyambirira anamva kukoma kwake: phazi ndi pedulo zitagwirana, njinga inkamvera ngati mwendo wake womwe. Kenako m'mbali mwa mapazi munayamba kutentha. Kutenthako kunasanduka moto, ndipo motowo utazima sanamvenso kanthu, mapazi onse anachita dzanzi.

Anafika pa maloboti a mumsewu wa Magill atayaka ofiira. Kuti phazi lichoke pa pedulo umapotoza chidendene kunja, ndipo iye ankadziwa zimenezo, Livia anamuphunzitsa. Anauza chidendene kuti chipotoke, chidendene osamva. Njinga inaima. Manase anapendekeka pang'onopang'ono, mwaulemu wake wonse, n'kugwa cham'mbali njinga ikadali kumapazi, pamaso pa anthu khumi ndi awiri odikira basi. Mayi wina wachikulire anamufunsa ngati aitane ambulansi. Iye anathokoza ali chigonere, n'kunena kuti amangopumula.

Anabwerera akukankha njinga, nsapato zili m'manja. Pa kachala kotsiriza ka phazi lililonse panali thuza lalikulu ngati nyemba.

Masana foni inalira. Unali uthenga wa Livia: “Renzo akuti unali kusitolo kwawo dzulo. Umakagula chiyani?”

Renzo anali wochenjera. Anangonena theka la nkhani, theka linalo anasungira Loweruka. Manase anayang'ana uthengawo nthawi yaitali, n'kulemba kuti: “Machubu.”

“Chabwino. Mapepala aja ndatumiza. Loweruka ubwere pagalimoto, udzamwe nafe khofi pamwamba. Ababa akondwa kukuona.”

Mawu akuti pagalimoto anamupweteka kuposa matuza. Anayankha kuti aona, n'kuika foni chafufumimba patebulo. Kanali koyamba kumunamiza Livia, ndipo anadziuza kuti bodza la masiku awiri lobereka chimwemwe si bodza kwenikweni.

* * *

Manase ankakhala ku Salisbury kwa azakhali ake a Lupe, mlongo wa bambo ake. Kwa anthu a ku Tonga mlongo wa bambo ako ndiye mwini mawu omaliza, ndipo Azakhali a Lupe udindo umenewu sankauchitira manyazi. Azakhaliwo sankamufuna Livia. Mtsikanayo anabwerako kamodzi atavala kabudula, n'kudya chinangwa ali chiimire m'khitchini akuluakulu atakhala pamphasa, ndipo zimenezo azakhali sanaziiwale. Anali ndi mtsikana wawo wa m'kwaya ya kutchalitchi amene ankamutchula pa chakudya chilichonse. Zovala zothina za njinga anaziletsa m'nyumba mwawo, moti Manase ankazivala kunsi kwa nsalu imene amuna a kwawo amamanga m'chiuno, n'kukavula nsaluyo pakona.

Lachisanu masana azakhali anamupeza kuseri kwa nyumba ataviika mapazi m'beseni la madzi amchere, nsapato zoyera zija zili pambali. Sanafunse kawiri. Azakhali akakuyang'ana umaulula ndi zimene sunachite zomwe. Manase ananena zonse: za phiri, za lamulo la nkhalamba, za chipatala, za kugwa pa maloboti, ndi zimene ankafuna kukapempha pamwambapo. Azakhali ankamvetsera nkhope ili gwa. Koma atafika pa mawu a Renzo a mabwato, anaona mphuno zawo zikutukuka.

“Anati chiyani?”

“Ankangoseka, azakhali.”

“Ankaseka mapazi a ndani? Amenewo ndi mapazi a mlongo wanga. Ndi mapazi a bambo anga, amene ankayenda pamiyala yakuthwa atasenza nsomba yolemera kuposa kamnyamata kakoko. Pukuta, uvale.”

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mpeni wodulira nyama ya nkhosa, singano yosokera matumba, ndi ulusi wa mbedza. Anakhala pansi, anaika phazi la Manase pamwendo pawo, n'kumapapasa nsapatoyo ndi chala kufuna pamene fupa likukankha. Paliponse pamene apeza ankalembapo ndi makala. Atamuvula, analowetsa mpeni.

Manase anatseka maso. Nsapatozo zinali zatsopano, zonunkhirabe katoni.

Anang'amba katatu kumbali yakunja ndi kamodzi kumbali ya chala chachikulu, nsapato iliyonse chimodzimodzi. Kenako anasoka kumapeto kwa mng'alu uliwonse kuti usapitirire, akumangitsa ulusi ndi mano. Atavalanso, phazi linatambasuka m'katimo ngati munthu amene wamasula lamba atakhuta. Mnofu unkasuzumira m'ming'aluyo, koma ululu panalibe.

“Mtsikanayo sindikumufunabe, umve bwino,” anatero azakhali akupukuta mpeni pansalu yawo. “Koma palibe mwana wa kwathu amene adzagonenso pamsewu azungu akumuonerera chifukwa cha kansapato. Ukakwere phirilo, ndipo ukakwere ngati mwana wa bambo ako.”

* * *

Loweruka m'mawa, m'tsinde mwa phiri munasonkhana anthu oposa makumi atatu, ambiri a imvi, ena atavala malaya a mipikisano imene inatha iwo asanamere dazi. Livia panalibe. Iye ndi atsikana anzake othamanga panjinga anali atadzera msewu wina wautali, kuti akakumane ndi gulu pamwamba.

Renzo ndiye anayamba kuziona. Anayang'ana masokosi akuda akutuzuka m'ming'alu ya nsapato zoyera, n'kuyamba kuseka mpaka kutsamira chishalo. Anaitana anzake kuti adzaone zimene bigimani wachita ndi nsapato zabwinobwino, akuti zasanduka nsomba yotumbula. Kenako anasintha nkhope n'kunena mokweza kuti zimenezi si zoseketsa, munthu wovala zong'ambika sayenera kulowa m'gulu, agwetsa anthu.

A Ennio anafika akukankha njinga yawo yakale yachitsulo, akutsimphina pang'ono. Anthu anawapatukira. Anamuyang'ana Manase kumaso, kenako kumapazi, n'kumuuza kuti akweze phazi pa mpanda. Analowetsa chala m'mng'alu umodzi, anakoka, anayang'anitsitsa ulusi.

“Wang'amba ndani?”

“Azakhali anga, bambo.”

“Amadziwa ntchito. Asoka ndi kumapeto komwe.”

Anawerama movutika n'kuvundukula sokosi yakale imene nthawi zonse ankaveka pamwamba pa nsapato yawo yakumanzere. Gulu lonse linkayesa kuti amatero poopa fumbi. Pansi pake nsapatoyo inali yong'ambidwa mopingasa, fupa la chala chachikulu litatuzukira panja.

“Zaka makumi anayi ndikung'amba nsapato iliyonse imene ndagula,” anatero. “Akale onse ankatero. Nsapato ndi wantchito wa phazi, si bwana wake. Renzo, iwe ndiwe unamugulitsa zimenezi?”

Renzo anati kasitomala anasankha yekha. Nkhalamba inangokwera njinga. Manase anamva mapewa ake akukula, ndipo anakola mapedulo onse awiri mwamphamvu kuti aliyense amve kulira kwake.

Tsiku limenelo panalibe woti apitirire A Ennio, choncho gulu linkakwera pa liwiro la nkhalamba. Koma liwiro la nkhalamba imene yakwera phiri lomwelo kwa zaka makumi asanu si lamasewera kwa munthu wolemera ngati matumba awiri a simenti. Atadutsa makona atatu oyamba, Manase anali wefuwefu. Mapazi anali bwinobwino, zala zikusewera momasuka ndi kamphepo kolowera m'ming'alu, koma mapapo ankafuna kutulukira pakamwa. Thukuta linkagwera pa handulo. Renzo anali kumbuyo kwake monga analonjezera, akuimba kamluzu, n'kumamufunsa ngati aitane galimoto. Mwamuna mnzako n'pachulu, umalinga utakwerapo. Manase anangoyang'ana tayala lakumbuyo la A Ennio n'kulumbira kuti silimuthawa.

Atadutsa mabulugamu aataliatali, mzinda wonse uli pansi kumanzere, tayala lija linayamba kumuyandikira lokha. A Ennio ankapalasa ndi mwendo umodzi, winawo ukungotsatira. Nkhope yawo inali itayera, njinga ikuyenda mokhotakhota. Panatsala mtunda wochepa, koma zinkaoneka kuti nkhalamba iponda pansi pa ulendo wake womaliza, pamaso pa anzake onse. Aliyense anaona, ndipo aliyense anayang'ana kumbali, poopa kuwachititsa manyazi.

Manase sanaganize. Anafika pambali pawo, anaika chikhatho chake chachikulu pamsana pawo, n'kuyamba kukankha. Tsopano ankakweza anthu awiri. M'maso munachita mdima, m'makutu munkalira, koma miyendo inkazungulirabe.

“Chotsa dzanja lako, mnyamata iwe,” inatero nkhalamba mano ali olumana.

Manase sanachotse.

Anapalasa chomwecho kanthawi, ndipo A Ennio analankhulanso chapansipansi, osamuyang'ana.

“Uchotse tikafika pakona apo. Pamwamba pali anthu.”

Pakonapo anachotsa, ndipo A Ennio Pagliaro anafika pamwamba pa phiri lawo okha, ali patsogolo pa gulu, mutu uli m'mwamba.

* * *

Manase anapotoza chidendene, ndipo ulendo uno chinamvera. Anatsika panjinga. Anadikira kuti nkhalamba imwe madzi ndi kulandira manja a anzake, kenako anavula chisoti n'kuwapempha kuti apatuke pang'ono. Mawu amene anawakonza kwa miyezi isanu anathawa onse. Anangonena kuti amamukonda Livia, ndi kuti wabwera kudzapempha kuti akhale mkazi wake.

A Ennio anamuyang'ana akupumabe mwamphamvu.

“Mwana wanga ndi wovuta kuposa phiri ili, ukudziwa?”

“Ndikudziwa, bambo.”

“Sukudziwa. Koma msana uli nawo.” Anatambasula dzanja. “Mtenge.”

Kenako anatembenukira ku gulu n'kulengeza kuti apeza mkamwini wachiwiri, ndipo khofi ya aliyense ndi yawo. Nkhalamba zinakuwa, zinamumenya Manase pamsana, ina inamupsompsona masaya onse awiri. Iye ankangoseka, misozi ikusakanikirana ndi thukuta. M'moyo wake wonse sanadzimvepo wamtali chomwecho. Anatulutsa foni m'thumba lakumsana n'kulembera azakhali mawu amodzi okha: “Avomera.”

Nthawi yomweyo Livia anatulukira ndi anzake kuchokera kumsewu wina uja. Woyamba kumufikira anali Renzo, amene anamuyamikira mokweza kuti zabwino zonse, wangoperekedwa kumene, mwambo wonse watha iye kulibe.

Livia sanamvetse. Anayang'ana bambo ake akumwetulira, anayang'ana nkhalamba zikumuombera m'manja, kenako anamuona Manase atavala zanjinga, nsapato zong'ambika kumapazi. Anakankha njinga yake mpaka pamene iye anaima. Manase anatambasula manja, nkhope ikuwala.

“Ndakwera, Livia. Sindinaponde pansi. Ndipo bambo avomera.”

“Avomera chiyani?”

“Kuti tikwatirane.”

Phokoso linayamba kuzirala. Livia anavula magalasi ake pang'onopang'ono.

“Unandifunsa liti?”

“Ndimati ndikufunse ndikatha kuno. Ndimafuna ndibwere kwa iwe zonse zili m'malo.”

“Machubu,” anatero Livia. “Unati unakagula machubu.” Mawu ake sanakwere, ndipo zikanakhala bwino akanakuwa. “Ababa akudziwa. Madala onsewa akudziwa. Renzo akudziwa. Amene wang'amba nsapatozo akudziwa. Munthu mmodzi yekha amene sakudziwa kuti akukwatiwa ndi ine.”

Apa mpamene Manase akanapepesa. Akanagwada pomwepo pafumbi n'kufunsa funso limene linatsala, ndipo mwina nkhani ikanathera m'kuseka. Koma munthu amene wangokweza phiri ndi nkhalamba kudzanja, anthu makumi atatu akumuyang'ana, sapeza msanga bondo logwadira. Anaumitsa khosi.

“Kwathu timatero. Ndi ulemu kwa iwe ndi kwa bambo ako.”

“Ndiye ukwatire ababawo, ndi amene wawafunsa,” anatero Livia. “Ine si chikho choti wofika pamwamba anyamule.”

Anavalanso magalasi, anakola mapedulo, n'kutembenuzira njinga kumtsetse. Sanawapsompsone bambo ake pa tsiku lawo lomaliza. Patangopita kamphindi, Renzo naye anakwera njinga yake mwakachetechete n'kutsetsereka kumutsatira, ndipo panalibe mwa otsalawo amene akanatha kuwapeza awiriwo potsika.

A Ennio anamuyandikira Manase, kumwetulira kuja kutatheratu.

“Mnyamata iwe, ukundiuza kuti unabwera kwa ine usanamufunse mwini wake?”

Manase anatsegula pakamwa, koma foni inanjenjemera m'dzanja lake. Anali azakhali a Lupe, ndipo uthenga wawo unali wautali. Anati mawu a bambo a mkazi akatuluka sabwezedwa, choncho iwo adziwitsa kale abale onse. Atsibweni ake anyamuka ku Auckland masana omwewo. Mawa akaweruka kutchalitchi, magalimoto asanu ndi awiri adzaima pakhomo pa A Pagliaro ndi mphasa zaulemu, chakumwa chamwambo cha kava, ndi nkhumba yowotcha, kudzathokoza ndi kudzaona mkamwana wawo.

Pansi pake anawonjezera mzere umodzi: “Umuuze mtsikanayo adzatilandire yekha pakhomo, atavala diresi lofika m'mawondo.”